Mbuzi Zosaswa za M'khola la Nagama

M'khola la mayi Nagama, kutsinde kwa phiri lamiyala, munkakhala mbuzi zazikazi zingapo ndi tonde mmodzi dzina lake Chindevu. Wotsogolera zazikazizo anali Mawanga, mkota waphuma amene akamva nkhani m'mawa, pofika masana amakhala atailumbirira kale. Mawanga anali ndi mwana mmodzi, Kaphulusa, msoti wosadziwa kutsutsa mawu a amake. Chimene chinkasowetsa mtendere mbuzizi n'chakuti zaka zinkapita koma m'kholamo simunkamveka kulira kwa timbuzi.

Ina inkatenga bere n'kupoloza lisanapite patali. Ina inkaswa kamwana kamodzi kolephera ngakhale kuimirira, mawere a make atafota ngati fodya wam'chigafa, ndipo kamwanako kankangotha ngati mame. Zambiri sizinkamufuna n'komwe tonde, matupi ali zii ngati phulusa ladzana. Mawanga mwiniwake anali atapoloza kawiri, ndipo Kaphulusa anafika msinkhu n'kuupitirira osadziwa kuti bere limalemera bwanji.

Koma panali mbuzi ina ya Nagama yemweyo imene sinkagona m'kholamo. Dzina lake anali Ndilekeni, wofatsa ndi wosalankhulalankhula, amene anapunduka mwendo ali wamng'ono. Poti sankatha kutsatira anzake kubusa, Nagama ankamumangirira pachikhomo kuseri kwa nyumba, pansi pa mtengo waukulu wa msangu. Ndilekeni yekhayo ndiye ankaswa chaka ndi chaka, ndipo ankaswa mapasa.

Madzulo aliwonse Nagama ankaika beseni limodzi la madeya pakati pa khola n'kutseka chitseko. Chindevu ankalowetsamo mutu woyamba, ndipo sankautulutsa mpaka pansi pa beseni pataoneka. Ankanena kuti mbewu ya khola lonse ili mwa iye, choncho iye akafooka ndiye kuti mtundu watha. Zazikazi zinkaona kuti mawuwo ndi anzeru, zinkanyambita fumbi lotsala n'kugona.

Masana zinkayendayenda m'minda yokololedwa kale, pomwe moto wolusa unali utadutsa n'kusiya lupsa lokhalokha. Zinkatafuna mapesi ouma, zidutswa za makatoni ndi majumbo otayidwa padzala la kumsika. Pobwerera mimba zinkakhala zitatupa ndithu, moti mbuzi iliyonse inkakhulupirira kuti yakhuta. N'chifukwa chake palibe ndi imodzi yomwe imene inaganizapo za njala.

Chilimwe china chitafika pachimake, mbuzi ina yachikulire inapoloza pakhomo penipeni pa khola, anzake onse akuona. Tsiku lomwelo Ndilekeni anaoneka akudzikoka pansi pa msangu paja, mimba ili tantha, zoonetseratu kuti munali awiri. Mawanga anayang'ana uku, anayang'ana uko, ndipo mtima unamuwawa. Anapita kwa Chindevu kukafunsa kuti zoterezi zikutheka bwanji, poti tonde wa onsewo ndi mmodzi.

Chindevu anameza zimene ankabzikula, n'kuyankha mosafulumira. "Mwaonatu nokha kuti vuto si ine. Mbewu yanga ikagwera mwa wopunduka uja imamera iwiriiwiri, koma ikagwera mwa inu imauma. Inu simudabwa kuti mwana aliyense wotayika muno amakatulukira kuseri kwa nyumba?"

Mawanga anaima chilili, makutu ali njoo. Anakumbukira kuti chaka chimene iye anapoloza koyamba, Ndilekeni anaswa awiri, ndipo chaka chimene anapolozanso, anaswanso awiri. Sanafunenso umboni wina. Pofika madzulo khola lonse linali litadziwa kuti Ndilekeni ndi mfiti imene imakolola ana m'mimba mwa anzake, ndipo Kaphulusa anauzidwa kuti ana ake anabedwa asanabwere n'komwe.

Mwayi wobwezera unapezeka tsiku limene Nagama anapita kumaliro kumudzi woyandikana nawo. Dzuwa lili paliwombo, mbuzi zinatembenuka kubusa n'kulunjika kuseri kwa nyumba, Mawanga ali patsogolo. Chindevu anati mutu ukumuwawa, anatsala pamthunzi wa nkhokwe. Ndilekeni atawaona anasangalala, poti sankalandira alendo kawirikawiri, ndipo anasuntha kuti awapatse malo pamthunzi.

Palibe anamupatsa moni. Mbuzi ziwiri zinatafuna chingwe chake mpaka chinaduka, zinazo zinamuzungulira nyanga zili pansi. Mawanga anamuuza kuti zake zadziwika, achoke pamudzipo ndipo asadzabwererenso. Ndilekeni anafunsa kuti apita kuti ndi mwendo umenewu komanso katundu amene wasenzayu, koma yankho lake linali nyanga ya m'nthiti.

Zinamupirikitsa kudutsa m'munda wa chinangwa, iye akugwa n'kudzuka, mpaka zinafika pachigwembe chimene madzi a m'phiri anakumba. Pamenepo Ndilekeni anaima poti kutsogolo kunalibenso njira. Mawanga, magazi atamukwera kumutu, anabwerera m'mbuyo pang'ono n'kuthamanga kuti amugunde komaliza. Dothi la m'mphepete linagumuka, ndipo onse awiri anagubuduzika mpaka pansi.

Fumbi litatha, Mawanga anapeza kuti mwendo wake wakutsogolo wathyoka, ukungolendewera. Anayang'ana kumwamba kuti aitane anzake, koma anangoona timichira tikuzimiririka. Pafupi naye panagona Ndilekeni pamwala, akupuma movutikira, ndipo pambali pake panali tiana tiwiri totuluka nthawi isanakwane, topanda ubweya, tosapuma. Mawanga anatiyang'anitsitsa kufuna kuona mawanga ake kapena mtundu wa phulusa wa mwana wake, koma tonse tinali ndi chipumi cha Ndilekeni.

"Achemwali, ndinakulakwirani chiyani?" anafunsa Ndilekeni ndi mawu apansipansi.

Mawanga anamuuza kuti aulule kumene anabisa mankhwala ake. Ndilekeni anayankha kuti mankhwala sawadziwa, ndipo moyo wake wonse sanapiteko kutali kuposa pamene chingwe chake chinkalekezera. Anayesa kutambasula khosi kuti anyambite kamwana kamene kanali pafupi, koma sanakafikire. Dzuwa lisanapendeke anali atatsirizika.

Nagama anawapeza madzulo atatsatira mapazi, ndipo anakhala pansi m'chigwembemo manja ali kunkhongo. Iye anaganiza kuti ndi agalu a alenje amene anapirikitsa ziweto zake. Anamunyamula Mawanga, anamumanga mwendowo ndi timitengo ta nsungwi ndi luzi, ndipo poti sakanathanso kupita kubusa, anamumangirira pachikhomo chomwe chija pansi pa msangu. Mawanga atazindikira pamene amuika, ubweya wonse unaima.

Masiku oyamba anakana kudya. Ankakhulupirira kuti pamalopo pali zokwirira, moti ankafukula dothi ndi mwendo wabwinowo mozungulira chikhomo, kufunafuna nyanga ya ufiti kapena chithumwa. Anapeza mizu, timiyala ndi chivindikiro chakale cha botolo. Pamwamba pake makoko a msangu ankangogwa, opiringizika, ofiirira, ndipo fungo lake linkamutokosa m'mphuno.

Njala ilibe manyazi. Tsiku lina anatola khoko limodzi, analitafuna, ndipo kukoma kwake kunamudabwitsa. Kenaka Nagama anabwera ndi kachitini ka madeya othira kamchere, ka iye yekha, popanda mutu wa tonde wotsekereza. Tsiku lina anamuponyera masangwe a mtedza, lina makoko a nandolo ndi makungu a mbatata, ndipo madzi ankakhala pambali nthawi zonse.

Mawanga anayamba kusintha osadziwa. Nthiti zimene zinkawerengeka zinakwiririka, msana wakuthwa uja unadzaza, ubweya unayamba kunyezimira. Anadabwa kuona kuti mimba yake sinkatupanso ngati kale, komabe mphamvu zinali tho. Kenaka m'mawa wina anadzuka thupi likutentha, mchira ukugwedezeka wokha, ndipo anazindikira kuti thupi lake, limene linakhala zii kwa nthawi yaitali, likufunanso tonde.

Chindevu sanachedwe kubwera, monga ankachitira nthawi ya Ndilekeni. Za kuchigwembe sanazitchule, ndipo pochoka anakombeza madeya amene anatsala m'kachitini. Mvula yoyamba isanagwe, Mawanga anadziwa kuti watenga bere. Ankadikira tsiku lopoloza monga zinkachitikira kale, koma berelo linangokulirakulira.

Pansi pa msangupo khola linkaoneka bwinobwino, ndipo aka kanali koyamba kuti Mawanga aone anzake ali kunja kwa gulu. Madzulo ena anawayang'ana akuchokera kubusa. Zinali mafupa okutidwa ndi zikopa, mimba zokha zili tuu, miyendo ikuwombana. Kumbuyo kwenikweni kunkabwera Kaphulusa, chidutswa cha jumbo chikulendewera pakamwa.

Anaona Nagama akuika beseni, anaona mutu wa Chindevu ukulowamo, anaona zazikazi zitaima mozungulira kudikira fumbi. Zimenezi anakhala akuziona moyo wake wonse, koma tsikulo zinali ngati akuziona koyamba. Nthawi yomweyo m'mimba mwake munagunda kamwendo mbali iyi, kenaka kena mbali inayo. Anakhala pansi.

Panalibe mankhwala. Ufiti wonse wa Ndilekeni unali makoko a msangu, masangwe ndi kachitini ka madeya. Thupi lopanda chakudya silingasunge mwana poti nalonso likuvutika kudzisunga, ndipo ana amene ankati abedwa aja anathera m'beseni limene iwo eni ankalisiyira tonde. Mawanga anakumbukira kakhosi ka Ndilekeni kakutambasuka pamwala, ndipo tsiku limenelo chakudya chinamukanika.

M'mawa mwake anaitana Kaphulusa pamene gulu linkadutsa. Msotiyo anayandikira pang'ono, koma ataona mmene amake ananenepera, anaima patali. Mawanga anamufotokozera zonse mofulumira, mawu akupunthana, ndipo anamupempha kuti azibwera m'mawa uliwonse adzagawane kachitini. Kaphulusa anayang'ana chikhomo, anayang'ana mtengo, n'kunena kuti anzake akumusiya.

Dzinja litafika zinthu zinaipiraipira. Poopa kuti zingadye mbewu za anthu, mbuzi za m'khola zinkatsekeredwa mpaka dzuwa litakwera, kenaka n'kumangidwa m'mbali mwa msewu pazingwe zazifupi, pomwe udzu unkatha nthawi yochepa. Msipu unali ponseponse koma zinkangouona ndi maso. Mawanga yekha ndiye ankalandira mtolo wa udzu ndi masamba a nyemba Nagama akamachokera kopalira.

Chimanga chitayamba kukhwima, Mawanga anaswa mapasa, kamkazi ndi kamphongo. Tianato tinaimirira nthawi yomweyo n'kuyamba kulimbirana mawere amene anali atadzaza mpaka kudontha. Kulira kwawo kunamveka mpaka m'khola, ndipo mbuzi zonse zinaunjikana pampanda, maso ali tong'o. M'kholamo chaka chimenecho munalibe ndi imodzi yomwe ya bere.

Mawanga anaganiza kuti tsopano amumvera, poti umboni unali ukuyamwa pamaso pa onse. Zitatulutsidwa, anakuwa kuti ziime, ndipo anaziuza kuti vuto lawo ndi njala, osati mfiti. Anati mimba yodzaza majumbo si mimba yokhuta, ndipo beseni lija liyenera kudyedwa ndi onse, makamaka iwo ofuna kusenza ana ndi kuyamwitsa. Anawonjezera kuti Ndilekeni anafa wosalakwa.

Chindevu anapukusa mutu ngati wachisoni. Anakumbutsa mbuzizo kuti m'chigwembe muja munatsala awiri okha, ndipo palibe akudziwa zimene anauzana wina asanafe. Anati ufiti sufa ndi mwini wake, umangosamukira mwa amene ali pafupi. Kenaka anafunsa kuti ngati si choncho, bwanji amene ankapoloza dzana lero waswa awiri pamene khola lonse lauma.

Mbuzi zinayamba kubwerera m'mbuyo. Mawanga sanasamale za zinazo, maso ake anali pa Kaphulusa. Anakankha kachitini ndi mphuno mpaka pamene chingwe chinalekezera, n'kunena kuti, "Mwanawe, talawa chabe. Ukapeza kuti muli mankhwala, udzandigunde wekha."

Kaphulusa anayandikira, mphuno zikunjenjemera ndi fungo la madeya. Anayang'ana tiana tija, kenaka amake. "Amayi, mmodzi mwa awiriwa sanali wanga?" Atatero anagubuduza kachitini ndi chiboda, madeya anamwazikira m'matope, ndipo anathamangira kwa anzake.

Mawanga anayang'ana madeya aja m'matope. Sizinam'dabwitse kuti Chindevu wanama, poti dyera limadziteteza. Chimene chinamuwawa n'chakuti mwana wakeyo sankanama ayi, ankakhulupiriradi, ndipo amene anam'phunzitsa kukhulupirira zotere anali iye mwini.

Nagama naye anali atatopa. Mawanga anamumva akudandaulira mlongo wake pakhonde kuti akuweta mbuzi zongotha madeya osaswa, ndipo ndi bwino azichepetse. Posakhalitsa panafika bambo wina wootcha kanyenya kumsika, atakwera njinga yokhala ndi dengu lalikulu kumbuyo. Nagama anatsegula khola n'kumuuza kuti asankhe pa zazikazi zosaberekazo.

Bamboyo anagwira msana wa iyi, anatsina ntchafu ya iyo, n'kuseka. Anati iye amagulitsa nyama, osati mafupa, ndipo zimenezi ngakhale agalu angazikane. Kenaka maso ake anagwera pa Chindevu, amene anaima pakona khosi lili ngati mtondo, akuonerera ngati nkhaniyo siikumukhudza. "Nyama ndi iyi, mayi," anatero bamboyo.

Nagama anazengereza pang'ono, koma mlongo wake anamukumbutsa kuti atonde ali mbwee m'mudzimo, wobwereka sangasowe. Chindevu anadzidzimuka ali kale chagada, miyendo ikumangidwa. Anakuwa kuti mbewu ili mwa iye, kuti khola litha, koma kwa anthuwo kunali kulira kwa mbuzi basi. Zazikazi sizinakhulupirire zimene zinkaona.

Mawanga anapumira m'mwamba poganiza kuti zathera pomwepo. Koma bamboyo, akumangirira dengu, anapempha kuti amuikireko kabanyira poti wabwera kuchokera kutali. Nagama anayang'ana m'khola n'kuloza kamene kanali kowonda kuposa onse, kamene sikanatengepo bere chibadwire. Bamboyo anamunyamula Kaphulusa ndi dzanja limodzi, ngati akunyamula nkhuku.

Njinga inadutsa kuseri kwa nyumba, pafupi ndi msangu. Kaphulusa, mutu uli lende kunja kwa dengu, anaona amake ndipo anaitana, "Amayi!" Mawanga analumpha, chingwe chinamubweza n'kumugwetsa, anadzuka n'kulumphanso mpaka khosi linasupuka. Chikhomo sichinasunthe, ndipo mawuwo anamveka akucheperachepera mpaka njinga inakhota kuseri kwa chinangwa.

Madzulo a tsiku limenelo Nagama anaika beseni pakati pa khola monga mwa masiku onse. Mbuzi zinaima mozungulira kwa kanthawi, zikudikira mutu umene kunalibe. Kenaka yachikulire ija inayandikira n'kulawa, zinazo zinatsatira, ndipo zinadya mwakachetechete, osayang'anana. Anthu atakolola zinamasulidwa n'kupeza masangwe ndi makoko ambiri m'minda, ndipo nyengo yotsatira zingapo zinatenga bere kwa tonde wobwereka n'kuswa ana amoyo.

Palibe inapita kukapepesa pansi pa msangu, ndipo dzina la Ndilekeni silinkatchulidwa. Mawanga analera mapasa ake mpaka anakula, koma sanabwererenso m'khola ngakhale mwendo utapola. Timbuzi tatsopano tikamasewera pabwalo, iye ankatembenukira kumbali. Ndipo njinga iliyonse ikamadutsa pamsewu, ankasiya kudya n'kuimika makutu mpaka itapitirira.

Phunziro: Thupi la njala silisunga mwana, choncho wofuna ziweto zoswana ayambe wadyetsa zazikazi. Ndipo tsoka likagwa pakhomo, tisathamangire kuloza chala mnzathu amene zikumuyendera, tiyambe taona amene akutidyera chakudya chathu.